Masese, Green ndi Guinness: mmene mbewu, nyengo ndi malamulo zinaumbira mowa wa dziko lililonse

M'chaka cha 1838 anthu a mumzinda wa Plzeň, m'dziko lomwe lero ndi Czech Republic, anatopa ndi mowa woipa. Akuluakulu a mzindawo analanda migolo 36 ya mowa wowonongeka, n'kuigubuduzira pabwalo la kutsogolo kwa nyumba ya khonsolo, ndipo mowa wonsewo anautaya pansi anthu akuonerera. Manyazi a tsiku limenelo ndiwo anachititsa eni nyumba omwe anali ndi chilolezo chofulula kuti asonkhe ndalama, amange fakitale imodzi yaikulu, ndi kukatenga katswiri ku Bavaria, dzina lake Josef Groll. Pa 5 Okutobala 1842 Groll anaphika mowa wake woyamba. Patatha milungu isanu migolo inatsegulidwa, ndipo munatuluka chinthu chomwe anthu a kumeneko anali asanachionepo: mowa wa mtundu wa golide, woonekera mpaka pansi pa tambula, wa thovu loyera pamwamba.

Mowa umenewo ndiwo kholo la pafupifupi botolo lililonse lomwe limatsegulidwa madzulo m'mabala a ku Ndirande, Chipata, Tete kapena Mbare. Green, Kuche Kuche, Mosi, 2M, Castle, Tusker, Heineken, Budweiser, Tsingtao ya ku China, onsewa ndi adzukulu a mowa wa ku Plzeň, ngakhale kuti aliyense wa iwo ali ndi omukonda omwe angalumbire kuti wawo safanana ndi wina aliyense. Koma mtundu umenewu ndi wa dzana. Sunakwanitse n'komwe zaka 200, pamene anthu akhala akufulula mowa kwa zaka zikwizikwi. Ndipo kwa nthawi yaitali ya zaka zimenezo, mowa wa anthu sunali woyera, sunali wozizira, sunali wa m'botolo. Unkafanana kwambiri ndi masese.

Umboni wake ulipo. Pamalo otchedwa Godin Tepe, m'mapiri a Zagros ku Iran, ofukula zakale anapeza mtsuko wa zaka zoposa 5,000 uli ndi zotsalira za mowa wa balere m'kati mwake. Anthu a ku Sumer, m'dziko la Iraq lamakono, anali ndi mulungu wamkazi wa mowa dzina lake Ninkasi, ndipo nyimbo yomutamanda, yomwe inalembedwa pa dongo cha m'ma 1800 Khristu asanabadwe, imafotokoza kafululidwe kawo. Pa zidindo zawo anajambulapo anthu atakhala mozungulira mtsuko umodzi, aliyense akuyamwa ndi bango lalitali, chifukwa pamwamba pa mowawo pankayandama mankhusu. Munthu wopita kwa Ateso a ku Uganda lero akaona chimodzimodzi: mtsuko wa mowa wa mawere, womwe amautcha ajon, uli pakati, amuna atauzungulira ndi timapaipi tawo titalititali. Malamulo a mfumu Hammurabi ya ku Babulo amanena za ogulitsa mowa ngati akazi, ndipo wobera anthu pa mtengo chilango chake chinali kuponyedwa m'madzi. Ku Egypt, amisiri omanga mapiramidi a ku Giza ankalandira buledi ndi mowa ngati chakudya cha tsiku ndi tsiku. Kumwera kwake, ku Nubia, mafupa a anthu omwe anakhalako pakati pa zaka za 350 ndi 550 anapezeka ndi mankhwala a tetracycline, ndipo katswiri George Armelagos ndi anzake anafika pa mfundo yoti mankhwalawo ankalowa m'thupi kudzera mu mowa wa mbewu womwe anthuwo ankafulula.

Nzeru za pa nkhali

Wofuna kumvetsa mowa uliwonse padziko lapansi angayambire kuseri kwa nyumba ya mayi wofulula masese, chifukwa zonse zomwe mafakitale akuluakulu amachita ndi makina zili pamenepo. Amayamba ndi chimera. Amaviika mawere, mapira kapena chimanga m'madzi, n'kuzivundikira mpaka zitatuluka timizu, kenako n'kuyanika padzuwa ndi kusinja kapena kukagayitsa. Mbewu ikamamera imadzutsa mphamvu yomwe imasandutsa ufa wa m'kati mwake kukhala shuga. N'chifukwa chake phala lolimba, likazizirako n'kuthiridwa chimera, limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Mayi akalekera pomwepo, wapanga thobwa, lomwe amamwa ana, alendo ndi a mpingo omwe. Akalisiya ligone, tizilombo tosaoneka ndi maso, ta mtundu womwe umasasitsa mkaka kukhala chambiko, timayamba kuliwawasitsa. Amaliwiritsanso, n'kuthiramo chimera china, ndipo apa yisiti wa mumpweya ndi wotsalira m'mbali mwa nkhali yakale amayamba kudya shuga uja n'kutulutsa ukali ndi thovu. Pakatha masiku angapo mowa wapsa.

Mayiyu alibe choyezera kutentha. Amadziwa ndi chala kuti phala lazizira mokwanira kulandira chimera, chifukwa likatentha kwambiri limapha mphamvu ya chimeracho. Amadziwa ndi lilime pamene kuwawasa kwafika pamlingo, ndipo amadziwa ndi khutu ngati nkhali ikuwira bwino usiku. Ameneyu ndi katswiri, ngakhale kuti palibe yemwe anamupatsa satifiketi.

Mowa wotere sukhalitsa. Ukali wake ndi wochepa, kawirikawiri pa 3 kapena 4 peresenti, uli ndi ufa wambiri moti umakhutitsa, ndipo ukapsa lero, pakatha masiku awiri kapena atatu wasasa. Kusakhalitsaku ndiko kunaumba chikhalidwe chake chonse. Mowa womwe sungausunge suungamwe wekha, uyenera kuitana anthu. Mwini munda waukulu ankafulula mowa wa dima, anzake n'kubwera ndi makasu m'mawa, n'kudzazungulira chipanda dzuwa litapendeka. Pa chinamwali, pa kulonga ufumu, pa mwambo wokumbukira malemu, pa nsembe yopempha mvula, mowa unkakhalapo, ndipo woyamba kulawa anali mwini mowa, kuti aliyense aone kuti mulibe choipa. Ndalama zitabwera, nkhali yomweyo inasanduka bizinesi, ndipo alipo aphunzitsi, anamwino ndi akuluakulu a m'maofesi ambiri omwe fizi yawo inachokera pa chipanda cha amayi awo.

Chimanga chinabwera mochedwa mu nkhaniyi. Chinachokera ku America ndipo chinafika mu Africa ndi zombo za Apwitikizi chitadutsa chaka cha 1500. Chisanafike, mowa wa makolo unali wa mapira ndi mawere, ndipo mpaka lero ofulula ambiri amati chimera cha mawere ndicho chili ndi mphamvu.

Abale a masese ali ponseponse. Ku South Africa kuli umqombothi, ku Burkina Faso kuli dolo wa mapira ofiira yemwe amafululidwa ndi akazi, ku Ghana ndi Nigeria kuli pito ndi burukutu. Achagga a m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro amasakaniza nthochi zakupsa ndi chimera cha mawere n'kupanga mbege, pamene ku Rwanda nthochi zomwezo zimatulutsa urwagwa. Ku Ethiopia, mu tella amathiramo masamba ndi timitengo ta chitsamba cha gesho kuti mowa uwawe ndi kukhalitsako. Ngakhale kutsidya kwa nyanja yamchere, ku Peru, chicha de jora amapangidwa ndi chimera cha chimanga, ndipo mayi wa ku Dowa atafikako sangasowe pogwira.

Maluwa owawa ndi mapanga ozizira

Vuto loti mowa umasasa linali la dziko lonse. Mu Africa analithetsa pouwawasitsa dala ndi kuumwa msanga pagulu. Anthu a ku Ulaya anapeza njira zina ziwiri, ndipo zonse anapatsidwa ndi nyengo ya kwawo.

Yoyamba ndi chomera choyanga chotchedwa hops, chomwe maluwa ake obiriwira amawawa ndiponso amalepheretsa tizilombo tosasitsa kuswana. M'chaka cha 822 mkulu wa nyumba ya amonke ya Corbie ku France, Adalhard, analemba za hops m'malamulo a nyumbayo okhudza kufulula, ndipo m'zaka za m'ma 1100 mayi wachipembedzo Hildegard wa ku Bingen analemba kuti kuwawa kwake kumateteza zakumwa kuti zisawonongeke. Mowa wa hops unkatha kuyenda ulendo wa pa chombo osasasa, motero mizinda ngati Hamburg ndi Bremen inalemera pougulitsa kunja. Apa ndi pamene mowa unachoka pakhomo n'kukhala katundu wa malonda, ndipo pang'onopang'ono unachokanso m'manja mwa akazi n'kupita m'manja mwa amuna okhala ndi mpamba. Chomerachi chimafuna masiku aatali a chilimwe cha kumayiko ozizira, n'chifukwa chake sichichita bwino pafupi ndi pakati pa dziko. Mu Africa muno chimalimidwa mwamalonda kudera la George ku South Africa.

Njira yachiwiri inali kuzizira. Ofulula a ku Bavaria ankasunga migolo m'mapanga ndi m'zipinda za pansi pa nthaka zodzaza ndi madzi oundana, ndipo mmenemo munkachita bwino yisiti wa mtundu wina, wogwira ntchito pang'onopang'ono n'kukhazikika pansi pa mgolo. Mowa wake ndiwo lager. Yisiti winayo, yemwe amakonda kufunda n'kuyandama pamwamba, amatulutsa mowa wa ale, womwe umapsa msanga ndipo umakhala ndi kafungo ka zipatso. Mabanja awiriwa ndiwo agawana pafupifupi mowa wonse wa ku Ulaya. Chodabwitsa n'choti mu 2011 asayansi anapeza kuti mmodzi mwa makolo a yisiti wa lager amakhala m'nkhalango zozizira za ku Patagonia, kumwera kwenikweni kwa South America.

Boma nalo linalowererapo. Pa 23 Epulo 1516, mumzinda wa Ingolstadt, wolamulira Bavaria, Wilhelm IV, anakhazikitsa lamulo loti mowa uzipangidwa ndi balere, hops ndi madzi basi. Yisiti sanamutchule, poti panthawiyo panalibe yemwe ankadziwa bwino chomwe chimawiritsa mowa. Ajeremani amalinyadira lamuloli, lomwe amalitcha Reinheitsgebot, ngati chizindikiro cha ukhondo, koma linalinso lamulo la chakudya ndi mitengo: tirigu ankafunika kuti atsale wa buledi. Olamulirawo sanadzimange nalo okha. Kuyambira mu 1602 banja lachifumu linadzitengera ufulu wofulula mowa wa tirigu n'kumapeza nawo phindu lalikulu, ndipo mowa wa tiriguwo, wotchedwa Weissbier, ukadali wokondedwa ku Munich mpaka lero. Mu 1553 kunabwera lamulo lina loletsa kufulula m'chilimwe, kuyambira pa 23 Epulo mpaka pa 29 Sepitembala. Izi zinakankhira ofulula onse a ku Bavaria ku yisiti wa m'nyengo yozizira. Mowa wa m'Malichi unkapangidwa wamphamvuko kuti ukhale mpaka chilimwe chithe, ndipo ndi mowa wa mtundu umenewu womwe pambuyo pake unatchuka pa chikondwerero cha Oktoberfest, chomwe chinayamba mu 1810 ngati phwando la ukwati wa mwana wa mfumu, Ludwig.

Groll uja, popita ku Plzeň, anatenga luso la ku Bavaria limeneli n'kukalikumanitsa ndi zinthu zitatu za kumeneko: madzi opepuka opanda mchere wambiri, hops wonunkhira wa ku Žatec, ndi chimera choumitsidwa ndi mpweya wotentha m'malo mwa utsi, chomwe sichinkada. Inali nthawi yomwe matambula a galasi anayamba kutsika mtengo ndipo njanji zinali kufalikira. Anthu anayamba kumwa ndi maso omwe. Mpaka lero palibe mtundu wa anthu womwe umaposa a ku Czech Republic pa kuchuluka kwa mowa womwe munthu mmodzi amamwa pa chaka.

Angerezi anayenda njira yawoyawo. Ku London, cha m'ma 1720, kunatchuka mowa wakuda wotchedwa porter, wokondedwa ndi onyamula katundu, ndipo wamphamvu mwa iwo ankatchedwa stout. Mu 1759 Arthur Guinness anasainira pangano lochita lendi malo a St James's Gate ku Dublin kwa zaka 9,000 pa mtengo wa mapaundi 45 pa chaka, ndipo dzina lake linadzakhala dzina la mowa wakuda padziko lonse. Kuda kwake kumachokera ku balere wokazingidwa mpaka kupserera. Kumpoto kwa London, m'tauni ya Burton upon Trent, madzi a m'zitsime amadutsa m'miyala ya gypsum, ndipo madzi otere amapangitsa kuwawa kwa hops kumveka bwino. Kuyambira m'ma 1820 mafakitale a kumeneko, monga Allsopp ndi Bass, ankatumiza ku India mowa wa hops wambiri womwe unkapirira ulendo wa miyezi ingapo wozungulira ku Cape. Umenewu ndiwo India Pale Ale, kapena IPA. Chizindikiro cha Bass, cha makona atatu ofiira, chinali choyamba kulembetsedwa mwalamulo ku Britain mu 1876. Mngerezi wokonda mowa wa makolo ake safuna wozizira kwambiri kapena wa mpweya wambiri. Amafuna wochokera mu mgolo momwe yisiti akadali wamoyo, ndipo mu 1971 anthu otere anayambitsa bungwe la CAMRA pofuna kuuteteza kwa makampani akuluakulu.

Masese a ku Brussels

Dziko lomwe limaphunzitsa zambiri munthu wa kuno ndi Belgium. Ndi dziko laling'ono, losakwana n'komwe theka la Malawi, koma lili ndi mitundu ya mowa yochuluka zedi. Amonke a chipani cha Trappist ku Westmalle, Chimay, Orval, Rochefort ndi Westvleteren amafulula mowa wamphamvu m'kati mwa mipanda ya nyumba zawo, ndipo phindu lake limasamalira nyumbazo ndi ntchito zachifundo. Koma wochititsa chidwi kwambiri ndi lambic, wa m'chigwa cha mtsinje wa Senne ndi dera la Pajottenland pafupi ndi Brussels.

Ofulula lambic sathiramo yisiti wogula. Akaphika madzi a chimera cha balere ndi tirigu, amawakhuthulira m'chiwiya chachikulu chosazama chomwe chimakhala m'chipinda cha pansi pa denga, n'kutsegula mazenera usiku wonse kuti tizilombo ta mumpweya tigweremo. Amachita izi m'miyezi yozizira yokha. M'mawa amathira m'migolo ya matabwa, momwe mowawo umakhala chaka chimodzi mpaka zitatu, ukuwawasa pang'onopang'ono. Akasakaniza wakale ndi watsopano m'botolo umatchedwa gueuze, akathiramo zipatso za cherry umatchedwa kriek. Fakitale ya Cantillon, yomwe inayamba mu 1900, imalandira alendo ochokera ku America ndi ku Japan odzaona chiwiya chotsegulacho.

Tizilombo towawasitsa lambic ndi ta banja lomwelo lomwe limawawasitsa masese, ndipo yisiti wake amabwera mwa njira yomweyo, kuchokera mumpweya ndi m'chiwiya chakale. Kusiyana kwake n'koti ku Belgium kuzizira ndi hops zimalola mowawo kudikira zaka. Mu 2016 bungwe la UNESCO linaika chikhalidwe cha mowa cha ku Belgium pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Luso lofanana nalo kwathu kuno limatchedwa mowa wa anthu osauka, ndipo wophunzira amachita manyazi kuonedwa atagwira chipanda. Kunyozaku sikunachokere mu nkhali. Kuli ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi ya malamulo.

Holo ya mowa ndi paketi yogwedeza

M'madera ambiri olamulidwa ndi atsamunda, munthu wakuda sankaloledwa kugula mowa wa azungu. Ku South Africa chiletsochi chinachotsedwa mu 1962. Mafakitale oyamba a lager, monga a Castle omwe anayambitsidwa ndi Charles Glass ku Johannesburg n'kukhala South African Breweries mu 1895, kapena Kenya Breweries ya mu 1922, ankafululira azungu anzawo. Dzina la Tusker linabwera pokumbukira George Hurst, mmodzi mwa abale awiri omwe anayambitsa kampani ya ku Kenya, yemwe anaphedwa ndi njovu mu 1923. Ku Namibia, komwe kunali Ajeremani, Windhoek Lager imatsatirabe lamulo lija la mu 1516. Botolo linakhala chizindikiro cha ulemu chifukwa linali loletsedwa.

Mowa wa makolo nawo sanausiye. Lamulo la Native Beer Act la mu 1908 ku Natal linapatsa khonsolo ya Durban ufulu woti iyo yokha ndiyo izifulula ndi kugulitsa mowa wa mapira m'tauni. Akazi omwe ankadyetsa ana awo ndi nkhali anasanduka ophwanya lamulo, apolisi ankawaswera mbiya, ndipo phindu la m'maholo a mowa a khonsolo linkalipirira nyumba zogona amuna okhaokha ndi maofesi olamulira anthu akuda omwewo. Njira imeneyi inatengedwa ndi matauni a ku Southern Rhodesia ndi a ku migodi ya kopa ku Northern Rhodesia, ndipo amuna ambiri a ku Nyasaland omwe anapita ku Joni, ku Salisbury kapena ku Bulawayo anamwera m'maholo amenewa. Akazi sanangokhala chete. Mu 1929 ku Durban kunali kunyanyala maholowa, ndipo mu Juni 1959 akazi a ku Cato Manor analowa m'maholo ndi ndodo, kuthamangitsa amuna ndi kutaya mowa wa khonsolo. Ana a sukulu a ku Soweto mu 1976 anatentha maholo a mowa limodzi ndi maofesi a boma.

M'nyengo imeneyi ndi mmene munabadwira Chibuku. M'zaka za m'ma 1950 Max Heinrich, yemwe anaphunzira zofulula ku Germany, anayamba kupanga mowa wa mapira ndi chimanga ndi makina ku Kitwe, kuti uzigulitsidwa kwa ogwira ntchito m'migodi. Kuchokera kumeneko unafalikira ku Zimbabwe, Malawi, Botswana ndi mayiko ena. Paketi ya Chibuku ndi chinthu chachilendo pa malonda a mowa padziko lonse, chifukwa mowa wake umatuluka m'fakitale usanathe kupsa. Umapitiriza kuwira m'paketimo, n'chifukwa chake pamwamba pali kabowo kotulutsira mpweya. Wa tsiku loyamba ndi wotsekemera ndi wofooka, wa tsiku lachitatu kapena lachinayi ndi wowawasa ndi waukali, ndipo womwa wozolowera amafunsa kaye tsiku lomwe galimoto inatsitsa asanatulutse ndalama.

Botolo lobiriwira linafika ku Malawi kudzera ku Denmark. J.C. Jacobsen anayambitsa Carlsberg ku Copenhagen mu 1847, ndi yisiti yemwe anakatenga yekha ku fakitale ya Spaten ku Munich. Anali munthu wokhulupirira sayansi, ndipo mu 1875 anatsegula malo ofufuzira pafakitale pake. Mu 1876 Louis Pasteur wa ku France anatulutsa buku losonyeza kuti tizilombo ndi timene timawononga mowa, ndipo mu 1883 Emil Christian Hansen wa ku Carlsberg anakwanitsa kupatula yisiti wa mtundu umodzi yekha n'kumuchulukitsa. Jacobsen anagawira ena yisiti ameneyu osawalipiritsa. Pophatikiza ndi makina oziziritsa a Carl von Linde, omwe anayamba kugwira ntchito m'mafakitale a mowa m'zaka za m'ma 1870, lager sinafunenso mapanga a ku Bavaria. Inkatheka kupangidwa kulikonse, ngakhale kotentha, n'kumakoma chimodzimodzi chaka chonse. Mu 1968 Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kumangidwa kunja kwa Denmark. Amalawi anautcha mowawo mayina a mitundu ya mapepala a pa botolo, Green ndi Brown. Special Brew, yemwe ali ndi omukonda ake m'mabala athu, anapangidwa koyamba mu 1950 polemekeza ulendo wa Winston Churchill ku Copenhagen. Mu 2016 Carlsberg inagulitsa gawo lake la 59 peresenti ku kampani ya ku France ya Castel, chaka chomwechonso chomwe AB InBev inameza SABMiller, mwini Castle.

Mayiko ena anaisintha lager kuti igwirizane ndi minda yawo. Ajeremani osamukira ku United States anapeza balere wa kumeneko ali wosiyana ndi wa kwawo, n'kuyamba kusakaniza ndi chimanga kapena mpunga, ndipo mowa wawo unapepuka. Chiletso cha mowa cha kuyambira 1920 mpaka 1933 chinapha mafakitale ang'onoang'ono ambiri, moti kukoma kunatsala kumodzi. Mu 1978 Pulezidenti Jimmy Carter anasainira lamulo lolola anthu kufulula kunyumba, ndipo mwa ofulula a m'magalaja amenewo munatuluka mafakitale ang'onoang'ono zikwi zingapo omwe anadzutsanso IPA, porter ndi mowa wowawasa.

Mbewu za kwathu zibwerera

Lager ya ku Africa yakhala ndi chilema chimodzi kuyambira pachiyambi: m'mayiko ambiri balere ndi hops zimachokera kunja ndipo zimafuna ndalama zakunja. Limodzi mwa mayiko omwe anakumana nalo maso ndi maso vutoli ndi Nigeria. Guinness inamanga fakitale ku Ikeja, mumzinda wa Lagos, mu 1962, yoyamba kumangidwa ndi kampaniyo kunja kwa Ireland ndi Britain, ndipo mowa wake wa Foreign Extra Stout, wa ukali wa 7.5 peresenti, unakondedwa kwambiri moti ambiri ku Nigeria amautenga ngati wawo. Mu 1988 boma linaletsa kuitanitsa chimera cha balere kuchokera kunja. Akatswiri a m'mafakitale anakakamizika kuphunzira kufulula ndi mapira ndi chimanga, ntchito yomwe akazi opanga burukutu ankaidziwa kalekale. Anthu anazolowera kukoma kwatsopanoko, moti lero Guinness ya ku Nigeria imatumizidwa ku London, komwe anthu ochokera ku West Africa amaifuna m'malo mwa ya ku Dublin.

Ku Uganda, kampani ya Nile Breweries inatulutsa Eagle Lager mu 2002, yopangidwa ndi mapira oyera ogulidwa kwa alimi ang'onoang'ono, boma litavomera kutsitsa msonkho pa mowa wa mbewu za m'dzikomo. Ku Mozambique, kwawo kwa Laurentina ya mu 1932, kampani ya Cervejas de Moçambique inatulutsa Impala mu 2011 ku Nampula, lager yoyamba ya malonda yopangidwa ndi chinangwa. Vuto la chinangwa n'loti chikakumbidwa chimayamba kuwonongeka pasanathe masiku awiri kapena atatu, motero makina ochigaya ndi kuchifinya anawakweza pa galimoto kuti azipita kufupi ndi minda. Msonkho wotsika unapangitsa botolo la Impala kutsika mtengo poyerekeza ndi lager ya balere. Cholinga cha makampani sichinabisike: ankafuna kukopa anthu omwe amamwa mowa wa m'midzi ndi kachasu, ndiye kuti phindu la mlimi wa chinangwa limabwera limodzi ndi kuchepa kwa makasitomala a mayi wofulula.

Chibuku nayenso wayamba kuyenda njira yomwe mowa wa ku Ulaya unayenda. Mu 2012 ku Zambia kunatuluka Chibuku Super, wa m'botolo la pulasitiki, ndipo pambuyo pake anafika ku Zimbabwe ndi ku Malawi. Ameneyu amatenthetsedwa kuti yisiti afe, n'kuthiridwa mpweya ndi makina, motero amakhala milungu ingapo osasintha ndipo amafika m'magolosale a kutali komwe paketi ikadasasira panjira. Achinyamata ambiri anamulandira, poti botolo lili ndi chivundikiro ndipo silitayikira m'chikwama. Akuluakulu ena m'mathavani amakanabe, amati mowa wosawira m'manja ndi wakufa, ndipo amatuma mwana wa pa kauntala kuti awasankhire paketi ya dzana.